Za Nthano Yokana Kutha

Ku America, m'dera la California, kuli malo otchedwa Hollywood, kumene kumapangidwa mafilimu ambiri amene amaonetsedwa m'nyumba za kanema pa dziko lonse lapansi. Kuyambira chaka cha 2008 kufikira 2019 panalibe malonda ena kumeneko opindulitsa koposa mafilimu a ngwazi zamphamvu zodabwitsa: amuna ndi akazi ouluka m'mlengalenga, onyamula galimoto ndi dzanja limodzi, obisa nkhope zao m'zobvala zachilendo, opulumutsa dziko kwa adani ochokera ku nyenyezi. Anthu ankafola pa khomo la kanema pakati pa usiku kuti akhale oyamba kuona. Koma zaka zimenezo zitapita kunayamba kuoneka chinthu china. Ambiri mwa iwo amene ankafola aja anayamba kukhala kunyumba, ndipo powafunsa chifukwa chache, yankho linali limodzi: akuti tatopa.

Kutopa kwa mlimi nkodziwika, pakuti khasu ndi lolemera ndipo dzuwa limaotcha. Kutopa kwa mai woyenda ndi mtsuko pamutu nakonso sikufuna wotanthauzira. Koma nanga munthu wokhala pa mpando wofewa, m'nyumba yozizira bwino, amene ntchito yache nkupenya basi, watopa ndi chiani? Ena anayankha msanga kuti kumeneku nkusayamika, khalidwe la mwana wolemerera amene lero alirira chidole, mawa nachitaya. Ena anati iai, wolakwa ndi wophika, wakudya alibe mlandu. Funso limeneli lingaoneke lachibwana kwa munthu amene sanalowepo m'kanema, koma pansi pache pali funso lina lakale kwambiri, lokhudza aliyense amene amaima pamaso pa anzache kuti awauze nkhani: kodi wonena nkhani ali ndi mangawa otani kwa womvera, ndipo womverayo aloledwa liti kunyamuka ndi kuchoka?

Ngwazi zimenezi sizinabadwire m'kanema. Zinabadwira m'timabuku tazithunzi togulitsidwa kwa ana ndi ndalama zochepa. Superman anaoneka koyamba m'chaka cha 1938, wopekedwa ndi anyamata awiri, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anagulitsa umwini wache wonse ndi madola 130 okha, nakhala zaka zambiri pambuyo pache akudandaula m'mabwalo a milandu. Batman anatsatira mu 1939, Captain America mu 1941. Kuyambira 1961, olemba ndi ojambula a kampani ya Marvel ku New York, makamaka Stan Lee, Jack Kirby ndi Steve Ditko, anapeka ngwazi zina zambiri, monga Fantastic Four, Spider-Man ndi Iron Man, ndipo anachita chinthu chochenjera: anaika zambiri mwa izo mu mzinda umodzi, kotero kuti ngwazi ya m'kabuku kena inkatha kukumana pa mseu ndi ya m'kabuku kena. Mwana wofuna kumva bwino nkhani ya ngwazi imodzi anayenera kugulanso timabuku ta zinzache. Mbeu ya zonse zimene zinadza pambuyo inali pomwepo.

M'zaka za m'ma 1990 kampani ya Marvel inali pa mabvuto aakulu a ndalama, mpaka inagwa m'ngongole mu 1996, ndipo m'nyengo yomweyo inagulitsa kwa makampani ena chilolezo chopangira mafilimu a ngwazi zache zotchuka: X-Men anapita kwa Fox, Spider-Man kwa Sony. Itadzukanso, inaganiza zopanga yokha mafilimu ndi ngwazi zimene zinatsala. Filimu yoyamba inali Iron Man, ya mu 2008, m'mene Robert Downey Jr. anasewera ngati Tony Stark, mponda matiki wodzikonda wogulitsa zida zankhondo. Filimuyo itatha, maina onse a antchito atadutsa, anthu amene anali asanatuluke anaona kachigawo kena kakafupi: munthu wa diso limodzi, Nick Fury, akuuza Stark kuti si iye yekha ngwazi pa dziko. Kachigawoko sikanakwane mphindi imodzi, koma kanali lonjezo lakuti nkhani siithera pano, ndipo pa lonjezo limenelo panamangidwa nyumba yonse. Chaka chotsatira kampani ya Disney inagula Marvel ndi madola pafupifupi 4 biliyoni. Mu 2012 ngwazi 6 zinakumana m'filimu imodzi, The Avengers, imene inalowetsa madola 1.5 biliyoni. Makampani ena ataona izi anathamangira kuchita chimodzimodzi. Warner Bros. inalumikiza Superman ndi Batman. Universal inayesa kulumikiza zirombo zache zakale zoopsa, kuyambira ndi The Mummy mu 2017, koma ntchitoyo inafera pa filimu yoyambayo.

Chilungamo chifuna kuti zabwino zinenedwe. Mafilimu oyamba a Marvel anamangidwa modekha, monga achitira mmisiri woika njerwa imodzi imodzi akudziwa pamene denga lidzakhale. Mdani wamkulu, Thanos, anangoonetsedwa nkhope mu 2012, ndipo anthu anamdikira zaka 6. Mu 2018, mu Infinity War, iye anapambana, nafafaniza theka la zamoyo zonse, ndipo oonera anatuluka m'kanema ali kakasi. Mu 2019 kunabwera Endgame, filimu ya nambala 22, m'mene Tony Stark, munthu uja anayamba ali wodzikonda, anapereka moyo wache kuti ena akhale ndi moyo, ndipo Captain America anatula chishango chache ali nkhalamba. Filimuyo inalowetsa madola pafupifupi 2.8 biliyoni, ndipo kwa kanthawi inaposa mafilimu onse amene anapangidwapo. Anthu akuluakulu anakhetsa misozi mumdima. Mwana amene anaona Iron Man ali ndi zaka 10 anaona maliro a Stark ali ndi zaka 21, anakula naye. Ochepa okha ankanena za kutopa masiku amenewo, ngakhale mafilimu anali ochuluka chotero, chifukwa lonjezo la mu 2008 linakwaniritsidwa: nkhani inafika kumene inkapita.

Koma nkhani itatha, kampani sinathe, ndipo apa ndipo pagona bvuto lonse. Nthano iri ndi mapeto, koma kampani iribe. Eni ache amafuna kuti phindu la chaka chino lipose la chaka chatha, ndipo munda umene unabereka bwino sauleka kuti ugone. Kumapeto kwa 2019 Disney inatsegula Disney+, njira yoonera mafilimu kunyumba pa intaneti polipira mwezi ndi mwezi, ndipo njira yotere imafuna chakudya chatsopano kosalekeza. Pa zaka zisanu zoyamba, 2008 mpaka 2012, Marvel inatulutsa mafilimu 6. Pa zaka ziwiri zokha, 2021 ndi 2022, inatulutsa mafilimu 7 ndi masewero 8 a zigawo zambiri oonera kunyumba, onsewo olukana ngati mphasa. Munthu wolowa m'kanema mu 2022 kukaona filimu yachiwiri ya Doctor Strange anapeza kuti Wanda, mkazi amene anamsiya ali ngwazi, wasanduka mdani wakupha anthu pofuna ana ache awiri; ndipo ngati sanaone zigawo 9 za sewero la WandaVision, sanadziwe ndi pang'ono pomwe kuti anawo anabadwa liti.

Zotsatira zache ziri m'mabuku a ndalama. Captain Marvel ya mu 2019 inalowetsa madola oposa 1.1 biliyoni. Filimu yoitsatira, The Marvels, inatuluka kumapeto kwa 2023. Inali ya nambala 33, ndipo ngwazi zache ziwiri mwa zitatu zinalandira mphamvu zao m'masewero a kunyumba aja. Inalowetsa madola ngati 206 miliyoni okha, kuchepa koposa mafilimu onse a mndandandawo amene anaitsogolera. Chaka chomwecho The Flash ya Warner Bros. sinafike madola 300 miliyoni. Mu 2025 Thunderbolts* inayamikiridwa ndi olemba nyuzi ambiri, koma sinafike madola 400 miliyoni. Anthu analeka kubwera ngakhale ku filimu yabwino, monga momwe munthu amene anadwalapo ndi ndiwo zina amazikanira ngakhale zitaphikidwa bwino.

Zifukwa zina ziripo ndithu. Mliri wa Covid-19 unatseka nyumba za kanema mu 2020, nuphunzitsa anthu kudikira filimu kunyumba. Ndipo ena mwa mafilimuwo anangopangidwa mwaphuma ndi moipa. Koma zimenezi sizikwana kufotokoza zonse. Mu 2023 momwemo anthu anadzaza nyumba za kanema kukaona Oppenheimer, filimu ya maola atatu ya amuna okambirana m'zipinda za bomba la atomiki, ndipo inaposa madola 900 miliyoni. Guardians of the Galaxy yachitatu, ya Marvel yomweyo, inalowetsa madola ngati 845 miliyoni. Ndipo nkoyenera kuzindikira kuti imeneyo inali filimu yotseka nkhani yache, m'mene gulu la ngwazizo linatsanzikana. Tsono anthu sanatope ndi kanema, ndipo sanatope kwenikweni ndi ngwazi.

Anatopa ndi ngongole. Nkhani pa chikhalidwe chache ndi mphatso: wonena amapereka, womvera amalandira, ndipo ngakhale pakhale tikiti pakati pao, chimene womverayo agula ndi chinthu chathunthu, maola awiri amene akatha iye atuluka atanyamula kanthu. Mndandanda wolukana unatembenuza zimenezi. Munthu asanalowe ali kale ndi mangawa a mafilimu amene sanaone, ndipo potuluka wasenzetsedwa mangawa ena a mafilimu amene sanapangidwe nkomwe. Oonera a ku America anapeza dzina loyenera la zimenezi: anati zasanduka ntchito ya kusukulu yokachitira kunyumba. Ziri ngati mwini nyumba amene aitana mlendo, namuikira nsima, nanena kuti ndiwo zibwera mawa akadzabweranso ndi ndalama ina. Mawa lache amuikira ndiwo pang'ono, nanena kuti mchere uli m'mbale ya mkuja. Mlendo wotere akaleka kubwera, palibe mfumu ingamgamule kuti ndi wosayamika.

Wina angatsutse kuti nkhani zobwerezabwereza munthu mmodzi si zachilendo. Kalulu amapezeka m'nthano zosawerengeka, lero ali ndi Njobvu, mawa ali ndi Fisi, ndipo palibe anatopa naye. Nzoona, koma nthano iriyonse ya Kalulu imaima payokha. Mwana amene sanamve ya dzulo amamva ya lero osasowa kanthu, ndipo ikatha yatha: wochenjera wapulumuka kapena wagwidwa, ana akagone. Mawa Kalulu abwerera yekha, wopanda ngongole ya dzulo pa msana. Ndiponso Kalulu alibe mwini wowerengera phindu pa kubwerera kwache.

Wanzeru wa ku Greece, Aristotle, amene anamwalira m'chaka cha 322 Kristu asanabadwe, analingalira za masewero a anthu a kwao, naphunzitsa kuti nkhani yabwino iyenera kukhala yathunthu, yokhala ndi chiyambi, pakati ndi mapeto, ndiponso ya msinkhu wakuti mutu wa munthu utha kuisunga yonse pa nthawi imodzi. Anaifanizira ndi nyama: ikachepetsetsa diso siriiona bwino, ikatalikitsitsa diso liona chiwalo chimodzi chokha, osaona nyamayo. Mndandanda wa mafilimu oposa 30 ndi masewero ochuluka ndi nyama yotero; woonera aona mwendo lero, nthiti chaka chamawa, ndipo mchira palibe adzauona. Chiphunzitso chimenechi chipitirira amisiri a masewero, pakuti mapeto ndiwo amapereka tanthauzo kwa zonse zimene zinatsogola. Wolakwa sadziwika mlandu usanagamulidwe. Ulendo sutchedwa wabwino munthu asanafike. Ngakhale za moyo wa munthu, anthu amadikira tsiku la maliro kuti anene kuti anali wotani. Nkhani imene mapeto ache amakankhidwira kutsogolo chaka ndi chaka imangokhala pakati pokhapokha, ndipo pakati popanda mapeto sipanena kanthu.

Palinso njala ya kukula. Filimu iriyonse yotsatira iyenera kuopsa koposa inzache: mu 2012 pa ngozi panali mzinda wa New York, mu 2018 theka la zamoyo zonse, pambuyo pache maiko onse pamodzi. Koma chifundo cha munthu sichikula molingana ndi nambala. Mwana mmodzi wogwera m'chitsime amaimitsa mudzi wonse. Nyenyezi zikwi zophulika pa nsalu ya kanema sizimletsa munthu kuyasamula. Ndipo nkhondo zonsezo zimatha mofanana, kagulu ka ngwazi kakumenyana ndi khamu la adani opanda nkhope pansi pa thambo long'ambika. Akulu akale anati nyimbo imodzi sachezera gule.

Koma chopweteka koposa ndi chimene mafilimuwa anachita ndi imfa. Superman anafa mu 2016, nabwezedwa mu 2017. Loki anaoneka ngati wafa mu 2011, ndiponso mu 2013, anaphedwa poyera mu 2018, ndipo mu 2021 anali ndi sewero lachelache. Gamora anaponyedwa kuphompho ndi atate ache omlera mu 2018, ndipo chaka chotsatira anamtenga ku nthawi yakale namuikanso m'nkhani. Pambuyo pa Endgame opangawo anatsegula khomo lalikulu koposa: anati pali maiko osawerengeka ofanana ndi lino, ndipo m'lirilonse muli Spider-Man wache ndi Loki wache. Kwa wamalonda nzeru imeneyi njosayerekezeka, pakuti palibenso katundu angathe m'sitoro. Koma kwa nkhani ndi chiphe. Kulimba mtima kumalemekezedwa chifukwa wolimba mtimayo angataye chinthu chimene sichibwerera. Munthu wolowa m'nyumba yoyaka kukatenga mwana wa mnzache amatamandidwa chifukwa moyo ali nao umodzi. Akadakhala nayo miyoyo zikwi, kulowa kwache m'moto kukadakhala masewera. Momwemonso ndi kulakwa: ngati choipa chirichonse chingafufutidwe pobwerera ku dzulo kapena posamukira ku dziko lina, ndiye kuti palibe ntchito ya munthu yokhala ndi kulemera. Wopanga mafilimu wotchuka, Martin Scorsese, anautsa mkangano mu 2019 pamene anafanizira mafilimu amenewa ndi mabwalo a zosangalatsa, kumene anthu amakwera makina owazunguza natsika ali momwe analiri. Ndipo polongosola pambuyo pache ananena kuti m'mafilimuwo mulibe chimene chiri pa ngozi yeniyeni. Ambiri anamkwiyira, ndipo mwina anaonjezadi, pakuti amene analira Stark chaka chomwecho sanalire chabe. Koma zaka zotsatira zinampatsa mboni zambiri.

Woonera amene analirira munthu kawiri, namuona atabwerera kawiri, pa kachitatu salira. Sikuti mtima wache wauma. Waphunzira kuti misozi yache ndi malonda a ena. Kutopa kwenikweni ndi kumeneku, kwa mtima umene waleka kukhulupirira wonena nkhani.

Imfa yeniyeni inalowamo kamodzi osaitanidwa. Chadwick Boseman, amene anasewera ngati mfumu T'Challa mu Black Panther ya mu 2018, anamwalira ndi khansa mu 2020 ali ndi zaka 43, atabisa matenda ache zaka zinai akugwira ntchito. Kampani ikadatha kupereka chobvala cha T'Challa kwa wosewera wina, kapena kukatenga T'Challa wa ku dziko lina lija. Sinatero. Filimu yotsatira, ya mu 2022, inayamba ndi imfa ndi maliro a mfumuyo, ndipo chizindikiro cha kampani, chimene masiku onse chimabwera ndi nyimbo yaphokoso, chinaonetsedwa popanda nyimbo, chiri ndi zithunzi za malemuyo. Pamenepo opangawo anasonyeza kuti akudziwa bwino lomwe kusiyana kwa imfa yoona ndi imfa yamalonda. Nchifukwa chache nkobvuta kuwakhululukira ponena kuti pa imfa zinazo amachita mosadziwa.

Komabe woonera asafulumire kudziyeretsa. Arthur Conan Doyle, mlembi wa ku Britain, atatopa ndi Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zache, anamupha mu 1893; owerenga anadandaula kosaleka, osindikiza naonjeza ndalama, mpaka mu 1903 mlembiyo anamuutsa. Pamenepo wotopa anali wonena nkhani, ndipo okana mapeto anali omvera. Zofanana nazo zinaoneka ku Hollywood. Mu 2021 filimu ya Spider-Man yotchedwa No Way Home inabweza osewera awiri akale a ngwaziyo, Tobey Maguire ndi Andrew Garfield, nilowetsa madola 1.9 biliyoni mliri usanathe. Hugh Jackman anasewera ngati Wolverine kuyambira 2000, ndipo ngwaziyo inafa imfa yolemekezeka mu Logan ya mu 2017; mu 2024 Deadpool & Wolverine inayamba ndi kufukula manda ache, mafupa ache nasandutsidwa zida zomenyera ndi zoseketsa, ndipo anthu analipira madola 1.3 biliyoni kuti aone, patangopita miyezi yowerengeka chiikanire The Marvels. Munthu amafuna zinthu ziwiri zosayenderana: kuti imfa ikhale yoona kuti imkhudze, ndi kuti wokondedwa abwerere kuti asamve kuwawa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Koma mlandu wa awiriwa si wofanana. Kufooka kwa wogula ndi chinthu china, ndipo kumanga malonda mwadala pa kufookako ndi chinthu chinanso. Mwini mowa amene aona kuti munthu waledzera, napitiriza kumthirira chifukwa ndalama zisanamthere, sangadziteteze ponena kuti anapempha yekha. Wonena nkhani ndiye aona njira yonse. Ndiye adziwa pamene nkhani yakhwima. Ndipo gawo lina la ntchito yache nkukaniza womvera pamene apempha chimene chidzaononga chinthu chomwe akonda. Kusangalala poona nkhope yakale kuli ngati kukanda mphere: kumakoma pa nthawiyo, koma sikuchiza. Mwa zilakolako ziwiri zija, chofuna kubwereza ndi chofuna kuti nkhani ifike pa mapeto oona, chachiwiricho ndicho chathanzi, ndipo kutopa ndi dzina chabe limene anthu anachipatsa.

Si oonera okha amene anatopa. Zouluka ndi zophulika za m'mafilimuwa zimajambulidwa pa kompyuta ndi antchito mazanamazana, amene maina ao amadutsa pa mapeto osawerengedwa, anthu akudikira kachigawo kakafupi kaja. Ambiri a iwo anadandaula poyera za maola aatali ndi za mabwana osintha maganizo pa nthawi yothaitha, ndipo mu 2023 antchito otere a ku Marvel anabvota kuti alowe m'bungwe loteteza antchito.

Pa nthano ya madzulo wonena amapuma kawirikawiri kuti omvera ayankhe kuti tiri tonse. Yankho limenelo likayamba kuzirala, wonena wanzeru amadziwa kuti nthawi yotseka yakwana. Woonera kanema alibe poyankhira. Yankho lache ndi tikiti, ndipo kukhala kunyumba ndiko kukhala chete kwache. Steven Spielberg anali atachenjeza kale mu 2015 kuti mafilimu a ngwazi adzatsata njira ya mafilimu a anyamata a pa akavalo a kumadzulo kwa America, amene anadzaza kanema zaka zambiri nazirala. Akuluakulu a Disney anayamba kumva zaka 8 zitapita. Bob Iger, amene anali mkulu wa kampaniyo m'zaka zimenezo, anabvomera mu 2023 kuti kuchuluka kunachepetsa ubwino, ndipo mu 2024 analengeza kuti Marvel izitulutsa mafilimu awiri kapena atatu okha pa chaka, ndi masewero a kunyumba ngati awiri. Mu 2025, potulutsa Fantastic Four yatsopano, Kevin Feige, amene anatsogolera mndandandawo chiyambire, anatsimikizira anthu kuti imeneyo siifuna kuti munthu ayambe waona zina. Mu 2008 nyambo inali kulukana. Patapita zaka 17 nyambo inasanduka kusalukana.

Koma kuchepetsa si kutha, ndipo ngongole yoitanitsidwa pang'onopang'ono ikhalabe ngongole. Pakati pa 2024, pa msonkhano waukulu wa okonda timabuku tazithunzi ku San Diego, munthu wobisa nkhope anaima pa nsanja, nabvula chobisacho pamaso pa khamu: anali Robert Downey Jr., amene maliro ache a m'filimu anthu analira zaka zisanu m'mbuyomo, wobwerera ngati mdani wotchedwa Doctor Doom. Khamulo linakuwa ndi chimwemwe. Kumayambiriro kwa 2025 kampani inalengeza osewera a filimuyo, Avengers: Doomsday, poonetsa pa intaneti mipando yopanda anthu, uliwonse uli ndi dzina kumbuyo kwache, umodzi umodzi kwa maola oposa asanu, mpaka inakwana 27. Pa umodzi panalembedwa Patrick Stewart, nkhalamba imene pa nthawiyo inali ndi zaka 84, amene anayamba kusewera ngati Professor X m'chaka cha 2000. Oonera anali atamuona kale Professor X akufa mu 2006, mu 2017 ndi mu 2022.